Ba bishopu banaseka mfumu pamaso, koma mutu unasala pamukosi

Pa 29 December 1170, basilikali 4 banangena mu tchalichi ikulu ya Canterbury ku England, malupanga yali mu manja. Pamene banachoka, akibishopu Thomas Becket anali gone pansi, magazi mbwee. Mulandu wake unali umozi chabe: anakangana na mfumu Henry II. Kuchokela siku ija, wansembe aliyense mu ziko muja anaziba kuti kuyankana na Henry ni kusobela na moto.

Manje mvelani iyi. Zikalibe kukwana zaka 20, kunabwela ba bishopu benangu, balendo bochoka ku mapili ya ku France. Aba banankala pansi pambali pa mfumu imozimozi ija, nduna zonse zili kuyangana, nakuikumbusa kuti mu banja mwake muli magazi ya bantu bofufuta vikumba. Bonse banagwila mitima. Mfumu inagwa pansi na nseko.

Zina yabo ni ba Hugh ba ku Lincoln. Banasebenza mu ntawi ya mafumu yatatu, Henry II na bana bake babili, Richard na John, bonse bokalipa musanga, ndipo bonse banauziwa vamene sibanafune kumvela. Koma ba Hugh banamwalila na matenda chabe, kulibe wamene anabagwila. Nanga banakwanisa bwanji?

MWANA WA APAMWAMBA

Ba Hugh banabadwa pafupi na chaka cha 1140 ku Avalon, kufupi na tauni ya Grenoble. Batate babo, ba William, banali beni ba malo, bankondo, bantu ba chuma. Pamene ka Hugh kanali na zaka 8, bamai banamwalila. Batate sibanakwatile futi. Banasiya chuma mu manja mwa bana benangu, banatenga ka Hugh nakuyenda nako kukankala ku nyumba ya bansembe ya Villard-Benoît. Ndiye kwamene mwana anapunzilila kubelenga na kuimba. Pa zaka 19 anali dikoni kudala.

Siku ina bakulu babo banabatenga paulendo wa ku Grande Chartreuse, nyumba ya bamonke yamene Bruno Woyela anayambisa mu 1084 pamwamba pa mapili yozizila. Umoyo wa kuja siwamasobela. Mumonke aliyense ankala yeka mu kanyumba kake, vakudya bamupasila pa kawindo, nyama sibadya olo badwale bwanji, kukamba ni mwa apo na apo, ndipo pakati pa usiku bauka kukapempela. Benangu banga tabe. Ba Hugh beve mutima unasalila kwamene kuja. Bakulu babo banaona, nakubalumbilisa kuti sibazachoka. Lumbilo sinankale: kuma 1160 banazemba nakuyenda kukavala mukanjo woyela wa bamonke ba ku Chartreuse.

Papita zaka, banapasiwa nchito yoyanganila balendo, banchito na chuma chonse cha pa nyumba. Apa ndiye pamene mbili yabo inayamba kumveka: mumonke wamene aziba kupempela, koma azibanso kukamba na bantu na kupenda ndalama.

MFUMU, LIPILANI BANTU

Pambuyo pa imfa ya Becket, Henry analonjeza kumanga nyumba za bamonke monga njila yolapa. Imozi inali ya ku Witham, mu Somerset. Koma mfumu inalonjeza na pakamwa chabe, ndalama sizinali kubwela. Basogoleli babili boyamba banakangiwa. Henry anamvela za ba Hugh nakubaitanisa, ndipo banafika ku England pafupi na 1180.

Vamene banapeza ni ivi: bamonke bankala mu tumisasa, ndipo pa malo pamene banafunika kumanga panali munzi wa balimi bosauka. Njila yapafupi inali kubapilikisa na basilikali. Ba Hugh banakana. Banauza mfumu kuti bantu aba bafunika kupasiwa malo yenangu na kulipiliwa nyumba zabo zonse. Henry anadandaula kuti mulendo uyu azamusaukisa, koma analipila. Pamene analipila, ba Hugh banapempa futi kuti nyumba zamene mfumu yagula izibapasa beve. Henry anadabwa kuti mumonke azachita nazo chani nyumba zakugwa. Ba Hugh banazibweza ku beni bake kuti bapasule mitengo na mauzu bakamangile kwamene bayenda. Balimi banachoka na ndalama, na nyumba zabo pa mutu.

Ndalama zomangila zinapitiliza kuchedwa. Ba Hugh banayenda kwa mfumu na bamonke banzabo. Mumozi wa beve, mudala wokalipa, anazazila Henry pamaso, ati bazabwelela ku mapili kwabo. Ba Hugh banali chabe zii, mutu pansi. Pamene mfumu inabafunsa ngati nabeve bazaisiya, banayanka mofasa kuti sibanataye chiyembekezo pali yeve, bamumvelela chabe chifundo chifukwa nchito zamupakila. Henry anabakumbatila, ndalama zinachoka. Apa muone kale nzelu zabo: banali kuziba ntawi yokalipa na ntawi yofasa.

UBISHOPU WOKAKAMIZA

Mu 1185 chivomezi chinang'amba tchalichi ikulu ya Lincoln. Dayosizi ya Lincoln ndiye inali ikulu kupambana zonse mu England, kuchoka ku mumana wa Humber mpaka ku Thames, ndipo kwa zaka zambili inali ilibe bishopu wokazikika. Mu 1186 bansembe ba ku Lincoln banaitaniwa kwa mfumu nakusanka ba Hugh. Benangu banga vine. Ba Hugh banakana, ati masanko yochitikila pamaso pa mfumu simasanko, bwelelani kwanu mukasanke mwaufulu. Banabwelela, banasanka beve futi. Banakana kachibili, ati pokapo bakulu babo ba ku Chartreuse bavomele. Pamene chilolezo chinabwela, mpamene banagonja.

Paulendo wa ku London kukazozewa, bansembe bobapelekeza banali bovala bwino, mahachi yowala. Ba bishopu banyowani beve banamanga mutolo wa vikumba va mbelele, vogonapo vabo, kumbuyo kwa hachi. Bopelekeza nsoni zinabagwila. Banazozewa ku Westminster pa 21 September 1186.

NYELETI YA MFUMU

Masiku yaja masanga yambili yanali ya mfumu. Muntu wosauka akagwiliwa na nyama ya musanga, olo atema mutengo, balonda ba mfumu banali kumulipilisa, kumumanga, olo kumulemaza. Kunalibe wamene anali kubakuza balonda aba. Ba Hugh, bakali banyowani pa mupando, banachosa mu mpingo mukulu wa balonda bonse chifukwa chovutisa bantu ba mu dayosizi yabo. Pasanapite ntawi, Henry analemba kalata kupempa kuti nduna yake inangu ipasiwe udindo wa ndalama mu tchalichi ya Lincoln. Ba Hugh banayanka kuti maudindo ya tchalichi ni ya bantu bosebenzela tchalichi, mfumu ili na vake vambili volipila navo bantu bake.

Henry anabaitanisa ku Woodstock. Anankala panja na nduna zake, nakulamula kuti pasapezeke wonyamuka olo wopasa moni ba bishopu. Ba Hugh banafika, banapasa moni, kulibe woyanka. Banagwila nduna imozi pa pewa, banaisendeza pang'ono, nakunkala pambali pa mfumu. Zii. Henry anaitanisa nyeleti na kotoni, anayamba kutunga kachikumba kamene kanali pa chala chake chochitiwa. Ba Hugh banayangana, nakukamba kuti manje mfumu yalingana maningi na babululu bake ba ku Falaise.

Kuti mumvele kulula kwa mau aya: William, mfumu yamene inagonjesa England mu 1066, anali tate wa ambuye bake Henry, ndipo anabadwa kunja kwa chikwati. Bamai bake banali ba ku Falaise, tauni yozibika na nchito ya vikumba. Iyi inali nkani yamene sibanali kukamba pafupi na banja yachifumu. Henry anagwila nkope, anaseka mpaka kugubuduka, nakufotokozela yeka nduna zamene sizinamvele.

Pamene nseko inasila, mfumu inafunsa chifukwa chake ba bishopu banachita vija kosaiuza. Ba Hugh banayanka kuti ni mfumu yamene inalimbikila kuti bankale bishopu, so ngati basebenza nchito moipa, mulandu uzagwela mfumu pamaso pa Mulungu. Nkani inasila. Mukulu wa balonda anakwapuliwa monga chilango cha kulapa, anabwezewa mu mpingo, ndipo anasanduka munzabo wa ba Hugh mpaka imfa.

NYONI YA KU STOW

Mukaona chitunzi cha ba Hugh, pambali pamankala chinyoni choyela cha mukosi utali, chamene bazungu bachita swan. Chinyoni ichi chinafika pa munda wa ba bishopu ku Stow, kufupi na Lincoln, pa ntawi yamene banalandila mupando. Chinali chikali, chinapilikisa vinzake. Koma kwa ba Hugh chinali kudya buledi mu manja, kungenesa mutu mu kwanja ya mukanjo, na kulonda pamene bagona. Aliyense wofika pafupi, olo wansembe wabo, anali kulumiwa. Gerald wa ku Wales, wolemba wa masiku yaja, anachiona na maso yake. Bakachokapo miyezi, chinali kubwelela ku damu. Bakabwela, chinali kubatamangila.

BAKHATE, BANA NA MALILO

Mabishopu benangu banali kupasa bana sakramenti ya ulimbikiso bali pamwamba pa hachi, kuti basachedwe. Ba Hugh banali kuseluka, olo balema, olo kuli mvula. Bodwala khate, bamene bantu banali kutaba, beve banali kubasambika mendo na kubapsompsona. Wansembe mumozi wopunzila anabaseka kuti Martin Woyela akapsompsona wakhate, wakhate anali kupola, nanga imwe? Banayanka kuti kwa beve ni wakhate wamene apolesa mutima wabo.

Malilo yeve sibanali kuyapitilila. Bakapeza mutembo wa muntu wosauka wamene alibe womushika, ulendo unali kuimilila. Kunali siku yamene mfumu inabaitana ku chakudya, batumiki babwela kubafulumiza, beve bali ku manda. Banatumiza mau kuti mfumu iyambe chabe kudya.

Mu 1190, pamene bantu banali kukonzekela nkondo ya ku Yelusalemu, magulu yanayamba kupaya Bayuda na kubaba katundu mu matauni ya England. Ba Hugh banaimilila pakati pa gulu ya malupanga, balibe chida chilichonse, kuchingiliza Bayuda. Ku Northampton bantu banayamba kulemekeza manda ya kawalala winangu wamene anaba chuma cha Bayuda nakupayiwa na munzake, ati ni woyela. Ba Hugh banayenda beka nakuleseza vonse. Mu 1191 banafika ku nyumba ya masisitele ya Godstow, banapeza manda yokongola pasogolo pa guwa, makandulo yali kuyaka. Yanali ya Rosamund Clifford, chibwenzi cha kumbali cha malemu Henry. Banalamula kuti yachosewe mu tchalichi. Mu 1192 banayamba kumanga futi tchalichi ya Lincoln, ndipo beve beka banali kunyamulako myala na daka pamozi na bomanga.

KUGWEDEZA RICHARD

Richard, wamene banali kuitana Mutima wa Nkalamu, anankala mfumu mu 1189. Nkondo ndiye inali chakudya chake, ndipo nkondo imadya ndalama. Mu December 1197, pa musonkano wa ku Oxford, akibishopu Hubert Walter anabwelesa pempo ya mfumu: basilikali ba pa mahachi 300, bakamenye nkondo ku France chaka chatuntu, bolipila ni mabishopu na nduna. Benangu banavomela. Ba Hugh banakana, ati Lincoln ili na udindo wotuma basilikali mukati mwa England chabe, osati kusidya kwa nyanja, ndipo kuli bwino babwelele ku mapili kwabo kupambana kusenzesa bantu babo katundu wanyowani. Bishopu wa ku Salisbury, Herbert Poore, anatenga mutima nayeve anakana. Musonkano unapasuka.

Richard analamula kuti katundu yonse ya ba bishopu ilandiwe. Bantu ba boma banayopa kuigwila, chifukwa kunali kumveka kuti wotembeleliwa na ba Hugh samankala bwino. Mu August 1198 ba Hugh banawoloka nyanja kukamupeza Richard ku linga yake ya Château Gaillard. Banamupeza pa Misa. Banapasa moni, mfumu inayangana kumbali. Banapempa kisi ya mutendele, mwambo woonesa kuti palibe chidani. Richard anakana, ati simuyenela. Ba Hugh banamugwila malaya pa chifuba nakumugwedeza na mpamvu, ati bachoka kutali, kisi ni yabo. Mfumu inamwetulila, inagonja.

Misa itasila, banamutengela pambali nakumufunsa za umoyo wake: kusakulupilika kwa mukazi wake, na kugulisa maudindo ya tchalichi. Pambuyo pake Richard anauza nduna zake kuti ngati mabishopu bonse banali monga uyu, kulibe mfumu yamene inga imike mutu pamaso pabo. Mu April 1199 Richard anafa na chilonda cha muvi, ndipo ni ba Hugh bamene banamushika ku Fontevraud.

Mung'ono wake John anayesa kubanyengelela. Anabalangiza kamwala ka mwayi kamene anali kuvala mu mukosi. Ba Hugh banamutengela pa komo ya tchalichi nakumusonta visema va siku ya chiweluzo, pamene mafumu ya visote yali kudonsewa kuyenda ku moto. Pa Pasaka ya chaka chamene chija, John anatuma mau katatu kuti ulaliki ufupike, njala yamunyokola. Ba bishopu banapitiliza.

SIBANALI MUNGELO

Osaganiza kuti banali muntu wofewa. Beve beka banali kuvomela kuti bali bakali kupambana mpilipili, ndipo tuntu tung'ono tunali kubakalipisa. Panali na vinangu vodabwisa. Ku Fécamp, bamonke banabalangiza fupa yamene banali kukulupilila kuti ni kwanja ya Maria wa ku Magadala. Ba Hugh banafuna kachidunswa. Pamene vala vinakangiwa kutyola, banaluma na meno, bamonke bali kukuwa. Nkani iyi inalembewa na wansembe wabo, Adam wa ku Eynsham, wamene anayenda nabo zaka zabo zosilizila nakulemba mbili yabo.

CHISINSI CHILI MU MAMBALE

Manje tibwelele ku funso yatu. Nseko inabatandiza, zoona. Koma ba nseko ni bambili, ndipo mafumu sibabayopa. Chisinsi chinali ku Witham. Pafupifupi chaka chilichonse, ntawi yokolola, ba bishopu ba dayosizi ikulu mu England banali kusiya vonse nakubwelela ku kanyumba kabo kwa mwezi. Banali kuvala monga mumonke wamba, kudya vosala va buledi, na kusuka mambale na mapoto. Adam analemba kuti banali kuyasuka mokondwa monga bagwila chikomo cha pa guwa.

Wamene afuna kukuyofya amayamba kuona chamene uyopa kutaya. Wamene afuna kukugula amafuna kuziba mutengo wako. Henry na bana bake banasakila vonse vibili pali ba Hugh, sibanapeze. Kubachosa pa ubishopu kunali monga kubapasa mpaso, chifukwa kanyumba ka zii ndiye kamene banali kulakalaka. Ndipo yanganani milandu yonse yamene banamenyela: balimi ba ku Witham, bosauka ba mu masanga, Bayuda, bantu ba ku Lincoln. Palibe olo umozi unali wa mu tumba mwabo. Mafumu yanaziba ichi, ndiye chifukwa yanali kukalipa lelo, mailo yabaitana futi.

MAFUMU PA MALILO

Mu 1200 ba Hugh banayenda kukaona Grande Chartreuse na kwabo ku Avalon komaliza. Pobwelela banadwala, nakugona mu nyumba yabo ku Holborn mu London. Hubert Walter anabwela kubaona, nakubafunsa ngati bafuna kupepesa pa ntawi zonse zamene banamukalipisa. Banayanka kuti chamene chibababa ni chakuti sibanamukalipise kambili. Pa 16 November 1200 banagonekewa pansi pa mutanda wa mulota, monga mwambo wa bamonke, nakumwalila.

Mutembo unayenda masiku ku Lincoln. Mfumu John yeka anaika pewa pa bokosi, mfumu William wa ku Scotland analipo, mabishopu na nduna mbwee. Mu misewu, Bayuda ba mu tauni banali kulila pamozi na Bakristu. Chinyoni cha ku Stow, chamene paulendo wabo wosilizila chinakana kubwela pafupi, chinankala na moyo zaka zinangu.

Papa Honorius III anabalengeza boyela mu 1220, mumonke woyamba wa ku Chartreuse kulandila ulemu uyu. Ku England babakumbukila pa 17 November. Osabasokoneza na ka Hugh kenangu ka ku Lincoln, kamwana kamene kanafa mu 1255, kamene imfa yake bantu bananamizila Bayuda mpaka benangu banapayiwa. Ija ni nkani ya boza yamene ba bishopu aba banga ilese.

Mbali ya tchalichi yamene banamanga ikali chiimilile ku Lincoln, ndipo ku Oxford kuli koleji ya St Hugh's, yamene inasegulilwa bakazi mu 1886. Bonse bamakonda kukamba za nyeleti ya Henry na malaya ya Richard. Koma imwe bamene mulakalaka kuuza ba bwana chilungamo pamaso, yambani mwaziyangana: muli na mambale yanu yamene mungabwelele kukasuka na mutima umozi?